Matepi Amene Kaundula Anawaiwala

Tendai ndi Chikondi, ana anga, za ubwana wanga m'komboni ya pamgodi ndinakusimbirani kale pakamwa, sindizibwerezanso. Pano ndikufuna kulemba za ntchito yanga, poti mpaka lero munthu akakufunsani kuti mayi anu ankagwira chiyani mumangoyankha kuti zamakompyuta, n'kuthera pomwepo. Komanso pali chinthu chimodzi chimene ndinachita pa ntchitoyo chokhudza inu, ndipo ndi bwino muchimve kwa ine mwini wake ndikadali ndi nzeru zanga.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ndinalowa ntchito dziko lino, limene kale linkatchedwa Rodeshiya, litangolandira kumene ufulu. Agogo anu aamuna, a Yohane Banda, anali atasiya kale kutsika pansi chifukwa cha chifuwa, ndipo tinali titasamukira kulokeshoni ya Chipadze m'zipinda ziwiri za lendi. Tsiku loyamba anandiperekeza wapansi mpaka pageti, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Tinkayenda pang'ono n'kuima kuti apume. Pageti paja anandiuza kuti, “Nabanda, ine mgodi uno ndinkaulowera kunsi. Iwe ukuulowera pakhomo. Usakandichititse manyazi.” Atatero anatembenuka n'kumapita, osacheukanso.

Anandiika m'chipinda cha atsikana asanu ndi mmodzi oboola makadi. Masiku amenewo kompyuta sinkamva za pepala. Chilichonse tinkayamba tachitaipa pa makina amene ankaboola timabowo pa kadi, kenako makadiwo n'kukawerengedwa ndi kompyuta yaikulu imene inadzaza chipinda chathunthu chozizira ngati mwezi wa Juni. Bwana wathu anali mzungu wachikulire amene tinkamutcha a Magalasi, chifukwa ankavala magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. Ntchito yoyamba imene anatipatsa inali yokopera zikalata zakale za anthu onse amene anagwirapo pamgodi. Zinali m'makatoni onunkha nkhungu, zina zodyedwa ndi chiswe. Pa chikalata chilichonse panali dzina la munthu, nambala yake, boma la kwawo, mfumu yake, mudzi wake, ndi wachibale woti adziwitsidwe. Amene anafera pantchito tinkawaikira chilembo D pamodzi ndi nambala ya manda, amene anachoka amoyo tinkawaikira X. Ambiri anali a ku Malawi ndi ku Mozambiki. Ndinkataipa mayina a midzi ya ku Ncheu, ku Dedza, ku Mangochi, malo amene ndinkangowamva m'kamwa mwa akuluakulu pamaliro.

Chikalata cha bambo anga sichinagwere m'manja mwanga, chinapita kwa mtsikana wina. Sindinadandaule, poti mwini wake ndinkadya naye mbale imodzi. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, “Kodi bambo, mudzi wanu weniweni ndi uti?”

“Ku Dedza, kuseri kwa phiri.”

“Phiri liti? Mfumu yake ndani?”

“Ukufuna ukatengeko chiyani? Thira madzi m'ketulomo.”

Anachoka kwawo ali mnyamata, wapansi, atayambana ndi atsibweni awo, ndipo sanalembepo kalata ngakhale imodzi. Agogo anu aakazi anali a ku Masembura, Mshona, ku Malawi sanapondeko. Ine ndinkati ndidzawafunsanso tsiku limene adzakhale osangalala. Titamaliza kukopera, zikalata zija anazitentha kuseri kwa sitolo ya pamgodi chifukwa chiswe chinali chitayamba kulowa m'makabati ena.

Chapakati pa zaka za m'ma 1980

Patapita zaka zingapo a Magalasi anandichotsa kwa oboola makadi n'kunditumiza kulikulu ku Harare miyezi itatu kukaphunzira kusunga matepi. Tendai unali woyamwa, ndinakusiya ndi agogo ako, ndipo Lachisanu lililonse ndinkakwera basi mabere akupweteka. Nditabwerako anandipatsa kiyi wa chipinda cha matepi, ndipo ndinausunga kufikira tsiku limene ndinapuma.

Ndifotokoze ntchitoyo mwachidule. Kompyuta inali ndi madisiki osungiramo zimene zikugwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku, koma malo ake anali ochepa. Zimene zakhalitsa osakhudzidwa inkazisamutsira pa matepi, zinthu zozungulira zazikulu ngati mbale yodyera, zimene tinkaziyanika m'mashelefu mazanamazana. Tsono kuti idziwe kuti chakutichakuti chili pa tepi iti, inali ndi kaundula wakewake mkati mwake. Munthu wa kumapu akafuna miyeso ya ngalande yakale, kompyuta inkayang'ana m'kaundulamo n'kundiuza nambala ya tepi yoti ndikatenge. Kaundula akanama, chinthu chinkasowa ngakhale chili pashelefu pamaso pako. Choncho mwezi uliwonse tinkachita chimene tinkati oditi: kompyuta inkayerekeza kaundula ndi zimene zilipodi, n'kusindikiza mndandanda wa zosagwirizana. Pena kaundula ankatchula tepi imene kulibe. Pena tepi inalipo koma kaundula sakuidziwa. Ntchito yanga inali kutsata mzere uliwonse ndi pensulo, kupeza pamene panalakwika, ndi kukonza: apa kufufuta, apa kulembanso.

A Magalasi anali aukali koma anandiphunzitsa. Tsiku lina anandipeza ndatsala pang'ono kufufuta mizere isanu nthawi imodzi kuti ndiweruke msanga. Anandigwira dzanja n'kulankhula Chilapalapa chawo, chilankhulo cha pamgodi, chosakaniza ndi Chishona chothyokathyoka, chimene tanthauzo lake linali lakuti, “Esnati, waiona ndi maso ako tepi imeneyi? Ngati sunaione, usafufute. Dzuka, pita kushelefu.” Ndinapita ndikung'ung'udza, ndipo pa matepi asanuwo awiri ndinawapeza atagwera kuseri kwa shelefu. Kuyambira pamenepo sindinafufutepo kanthu ndili chikhalire.

Ndimazilakalaka zaka zimenezo. Ndimalakalaka phokoso la matepi akamazungulira kuseri kwa galasi, juzi yanga yobiriwira imene inkakhala pamsomali ngakhale kunja kukuwotcha mu Okutobala, ndi tiyi wa teni koloko amene tinkamwera pakhonde anzanga akundiseka kuti Mubhurandaya, dzina limene Ashona amatitchulira ife a ku Malawi, wakhala mfumukazi ya matepi. Ndinkawabwezera, tonse n'kuseka. Ndinkadziwa shelefu iliyonse moti ndikanatha kutenga tepi nditatsinzina.

Bambo anga anamwalira m'zaka zomwezo, nyengo yozizira, chifuwa chitawathera mphamvu. Tinawaika kumanda a m'tauni. Pamaliro akuluakulu a mpingo anafunsa kuti uthenga upite kuti ku Malawi, ndipo tonse tinangoyang'anana. Chaka chotsatira a Magalasi anapuma n'kupita kwa mwana wawo kunja. M'malo mwawo munabwera VaChikomo, munthu wa ku Musana, wophunzira bwino, wofatsa, amene ankanditcha Mai Tendai, ine n'kumawatcha Shefu, ndiko kuti bwana. Anafika nthawi yoipa. Zinthu zochokera kunja zinali zitavuta kupeza. Riboni ya makina osindikizira tinkaipakanso inki ndi burashi, mapepala tinkasindikiza mbali zonse ziwiri, ndipo tepi yatsopano inkatha chaka osaiona. Tepi ikatha ntchito tinkaibwezera m'gulu la zopanda kanthu kuti ilembedwenso zina pamwamba.

Chaka cha chilala chachikulu

Chaka chimene chimanga chinapsa m'minda ndipo tinkadya ufa wachikasu, magetsi nawonso ankaperekedwa mosinthana. Lolemba lina masana anazima kompyuta ili mkati molemba m'kaundula, ndipo jenereta inachedwa kudzuka. Pamene makina anayakanso, kaundula anali wosawerengeka. Tinabwezeretsa kope yake ya sabata yapitayo, koma zonse zimene zinasuntha m'masiku asanu ndi awiriwo zinali zosadziwika kumene zili. VaChikomo analamula oditi yathunthu, yoti tepi iliyonse igwiridwe ndi dzanja, shelefu ndi shelefu. Mndandanda wa zolakwika unatuluka wautali kuchokera patebulo mpaka pansi. Ndinakhala nawo sabata yonse ndi ina, ndikukonza mzere umodziumodzi.

Lachiwiri la sabata yachiwiriyo, pansi penipeni pa shelefu yakumapeto, ndinapeza matepi khumi ndi imodzi amene kaundula sankawadziwa n'komwe. Sanatayike chifukwa cha magetsi aja. Zikuoneka kuti anasiyidwa kalekale pamene tinkasintha makina, ndipo oditi ya mwezi ndi mwezi sinkafika kumeneko poti manambala awo anali akalembedwe kakale. Mapepala omata anali atafuwa, koma ndinatha kuwerenga zilembo za a Magalasi. Pa atatu panali D. Pa asanu ndi atatu panali X. Ndinakhala pansi pa simenti yozizirayo.

Ndinapita kwa VaChikomo n'kuwafotokozera kuti ndikufuna kuwalembanso m'kaundula kuti asungidwe. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandionetsa kalata ya kulikulu. Chifukwa cha ngozi ya kaundula ija, analamula kuti pofika Lachisanu pakhale makope awiri a mapu onse a pansi, ina ipite ku Harare.

“Mai Tendai, matepi opanda kanthu tatsala nawo angati?”

“Anayi, Shefu.”

“Akufunika khumi ndi asanu. Mwandipezera khumi ndi imodzi. Ndiwatenge kuti ena?”

“Shefu, zikalata zake zinatenthedwa. Mayina amenewa kulibenso kwina.”

“Ndikudziwa. Koma mapu amenewa ndi amene amauza anthu a pansi kuti kuseri kwa mwala uwu kuli ngalande yakale yodzaza madzi. Magetsi akazimanso mawa, disiki n'kuwonongeka, ndidzawauza chiyani akazi awo? Kuti ndinasunga mayina a anthu amene anapita kale?”

Bambo anu panthawiyo ankagwira pansi pomwepo. VaChikomo anazunguza cholembera m'manja. Kenako anati, “Lachinayi magetsi tili nawo mpaka faifi. Kuyambira thuu koloko makina ndi anu. Tengani katoni ya mapepala olembedwa mbali imodzi. Zimene mungathe kusindikiza, sindikizani. Lachisanu m'mawa ndikufuna matepiwo.”

Maola atatu. Pa makina awiri owerengera matepi, amodzi anali atafa kudikira chitsulo chochokera kunja. Matepi akale ngati amenewo ankafuna kupukutidwa ndi kuwerengedwa mobwerezabwereza, moti imodzi inkadya pafupifupi ola. Ndiye kuti atatu basi. Mayina sanali mu ndondomeko ya alifabeti, anali mmene makatoni ankatifikira, choncho panalibe njira yodziwira kuti a Yohane Banda ali pa tepi iti mwa asanu ndi atatu a X aja. Ndikanatha kusankhapo atatu mwamwayi, mwina n'kuwapeza, mwina ayi. Kapena ndikanatha kutenga atatu a D n'kutulutsa onse amene anafera pamgodi, osatsala ndi mmodzi yemwe.

Lachitatu poweruka ndinadzera kukomboni kukatenga masamba kwa mayi Naphiri, amene tinkaimba nawo kwaya ya amayi. Amuna awo anaphedwa ndi mwala iwo ali m'chipatala kubereka mwana wawo womaliza, Samsoni, ndipo potuluka anapeza maliro ataikidwa kale. Manda a pamgodi analibe mayina, anali ndi tizitsulo ta manambala basi, ndipo amene anawalozera malo anasemphana, wina apa wina apo. Kwa zaka zonsezo ankalima udzu pa manda awiri, kuopa kulakwitsa. Sindinawauze kanthu za matepi. Anandithyolera chibwabwa n'kundifunsa za ana, ine ndikuyang'ana manja awo.

Lachinayi thuu koloko ndinaima pa shelefu ija ndi tepi ya X m'manja. Ndinaibweza. Ndinaitenganso. Ndinkadziuza kuti ndiyese imodzi yokha ya X, ya D ziwiri, koma ndinadziwa kuti pamenepo ena a akufa adzatsala, ndipo bambo mwina osawapezabe. Ndinatenga D yoyamba n'kuiika pamakina. Yachiwiri inakakamira pakati, ndinaitsitsa, kuipukuta, kuyambiranso. Yachitatu inamaliza kutatsala mphindi zochepa kuti magetsi apite. Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana asanu ndi atatu aja, ndipo nyali zinathima.

Lachisanu m'mawa VaChikomo anati, “Ndichite ndine, Mai Tendai?” Ndinati ayi, kiyi ndi wanga. Ndinataipa ndekha manambala khumi ndi imodzi aja kuwalowetsa m'gulu la zopanda kanthu, ndipo ndekha ndinawaika pamakina imodziimodzi mapu akulembedwa pamwamba. Pofika masana oditi inatuluka yoyera, yopanda mzere ndi umodzi womwe. VaChikomo anandigwira chanza n'kunena kuti, “Maita basa,” ndiko kuti mwagwira ntchito. Ndinapita kuchimbudzi kukasamba kumaso.

Lamlungu ndinanyamula mapepala aja kupita nawo kutchalitchi, ndipo mapemphero atatha mkulu wa mpingo anayamba kuwerenga mayina. Anthu sanapite kwawo. Mbiri itamveka, anabwera a mipingo ina, anabwera Asilamu a Chiyao, anabwera a kumafamu. Mayi Naphiri anamva dzina la amuna awo, mudzi wa ku Ncheu, ndi nambala ya manda, ndipo inapezeka kuti sinali pa awiri aja, inali mzere wina kumunsi. Anaseka, kenako analira, kenako anabwereka khasu tsiku lomwelo.

Amayi anga ndinawauza madzulo a tsiku limenelo, akusenda nandolo pakhomo. Ndinafotokoza zonse, za maola atatu, za makina amodzi, za mapu. Sanasiye kusenda.

“Ndiye mudzi wa abambo ako unali m'manja mwako?”

“Unali pa imodzi mwa asanu ndi atatuwo, amayi. Sindinkadziwa iti.”

“Sunayese ndi imodzi yomwe?”

“Ndinasankha akufa.”

Anaika lichero pansi n'kundiyang'ana. “Nanga abambo ako sanafe?”

Kwa miyezi yambiri ankandilankhula zofunika zokhazokha, mchere watha, mwana watentha thupi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Samsoni, mwana wa mayi Naphiri, atakula anapita ku Ncheu ndi pepala lake m'thumba, ndipo anakapeza azakhali ake akadali moyo. Pobwerera anatsikira dala ku Dedza n'kukhalako masiku awiri akufunsa za Yohane Banda amene anapita ku Rodeshiya ali mnyamata. Anabwera kudzandiuza yekha, chipewa chili m'manja. “Mayi, ndinayesa. Kumeneko a Banda ndi mudzi uliwonse, mapiri nawo ali mbali zonse. Aliyense amati kwawonso kuli Yohane amene sanabwerere.”

Kompyuta yaikulu ija anaizimitsa zaka zimenezo, m'malo mwake munabwera timakina tating'ono ta patebulo. Anthu a kulikulu anabwera ndi lole kudzatenga matepi onse, ndipo ine ndinawawerengera potuluka, shelefu ndi shelefu, chifukwa sindikanatha kungoyang'ana. Anandipempha kuti ndiphunzire makina atsopanowo, ndinayesa chaka chimodzi, koma munalibe choti munthu agwire ndi dzanja. Ndinapempha kupuma. Tsiku lomaliza ndinalowa m'chipinda chija, ndinapeza mwatentha, mwaikidwa matayala ndi zidebe za penti. VaChikomo anandiperekeza mpaka pageti. Tili pamenepo anati, “Nkhani ya matepi aja imandibwererabe.” Ndinawauza kuti inenso, koma amuna anga anatuluka pansi amoyo tsiku lililonse mpaka anapuma, ndiye tisaimbane mlandu.

Amayi anadwala chaka chomwecho ndipo anapempha kuti tiwatengere kwawo ku Masembura. Ndinakhala nawo milungu yawo yomaliza. Mmawa wina ndikuwasambitsa anayamba okha nkhani imene tinali tisanaikhudzenso.

“Ndinapitako kumanda a pamgodi, tsiku lina iwe uli kuntchito. Sindinakuuze.”

“Munakaona chiyani?”

“Alembapo mayina. Ena ndi penti, ena pa simenti. Pa amuna a Naphiri adzalapo maluwa.” Ine ndinkawapukuta msana. “Unachita bwino, mwana wanga. Koma ine ndikanakonda ukanalakwitsa.”

Ndinawauza kuti masiku ena inenso ndimatero. Anandigwira dzanja lonyowalo n'kundiuza kuti ndifulumire, madzi akuzizira.